Mng'alu pa Hinjesi ya Nsanja ya Malume Isaki

Nkhani yoti malume Isaki aitanitsa Chrispin kuti adzayeze nsanja, Lekani anaimvera kwa mayi Binti, wogulitsa mandasi, osati kwa eni ake. Linali Lachisanu m'mawa, iye atawerama pashedi yake pa Lirangwe, akuwotcherera mwendo wa wilibala.

"Akuti mawa kukubwera injiniya wa ku Chileka," anatero mayi Binti uku akutula beseni lawo pamthunzi. "Nsanja yako ija akuti yapendama."

Lekani anachotsa galasi lakuda kumaso. "Injiniya wake uti?"

"Achimwene ako omwe, a Chrispin. Iii, kodi sanakuuze?"

Panalibe amene anamuuza. Ntchito ya wilibala inathera pomwepo.

Nsanja imeneyi musaitenge ngati chinthu wamba. Malume Isaki anagwira ntchito zaka makumi atatu ku bwalo la ndege ku Chileka, kukonza mawayilesi olankhulirana. Atapuma anabwerera kumudzi ndi wayilesi yawoyawo, yotha kucheza ndi anthu a ku Brazil, ku Japan, kaya kuti, malinga eriyo yake ikhale m'mwamba. Koma mawondo anali atatha, zokwerakwera ayi. Ndiye anafuna nsanja yogona: yoti ukamasula mabawuti n'kupukusa winchi yokulunga waya, iyo izitsika pang'onopang'ono mpaka pansi, munthu n'kukonza eriyo ataima padothi. Chinsanja chonsecho chimatembenukira pa hinjesi imodzi ya kuphazi, yonga ya chitseko koma yaikulu: makutu awiri achitsulo, ndi chipini chopyoza pakati pawo.

Anaipanga ndani? Lekani. Zaka zitatu zapitazo, ndi makina owotcherera amene anakulunga yekha mawaya ake, popanda pepala lililonse lomulangiza. Mamita khumi ndi awiri. Ukamachokera ku Lunzu paminibasi umaiona usanafike pasiteji, ndipo aliyense wobwera ndi geti, ngolo kapena mafelemu a mawindo ankayamba ndi mawu omwewo: "Ndinu munapanga nsanja ya a Isaki ija?" Chikwangwani chake chinali chimenecho. Ikangotchedwa yoipa, dzina lake pa Lirangwe lathera pomwepo, ndipo malume sadzamulolanso kuikhudza.

Ndiye woiweruza akhale Chrispin! Chrispin, mwana wa mayi ake aakulu, amene anakulira naye nyumba imodzi, kufunda bulangete limodzi. Onse awiri ali ku sekondale, malume ananena kuti mphamvu zawo zolipirira maphunziro zikwana mmodzi, ndipo anasankha wamkulu. Chrispin anapita kukoleji ya zaluso. Lero ndi kapitawo pa kampani ina ya zitsulo ku Chileka, amayenda ndi chipewa choyera cholimba ndi tepi m'chiuno. Lekani anaphunzira poonerera anzake m'mbali mwa msewu, maso kutupa ndi moto, kuchita kuika zidutswa za mbatatesi pazikope kuti aziziritse. Tsiku loimika nsanja Chrispin sanagwireko ngakhale sipanala. Lero ndiye injiniya.

Dzuwa lili paliwombo Lekani anatseka shedi. Anatenga hamala, kabotolo ka palafini, choko ndi chitini cha girisi. Ankadziwa kuti nthawi imeneyo malume amakhala atagona, ndipo akazi awo, anti Mildred, amakhala ali kukwaya. Ankafuna aone yekha kaye, kuti mawa munthu wa chipewa uja asapeze pogwira.

Kupendama inali itapendamadi, pang'ono, cha ku mtengo wa mango. Anagwada paphazi pake. Anagogoda khutu lakumanzere: ngwee, chitsulo chinaimba. Anagogoda lakumanja: phu, ngati wamenya mphika wosweka. Anagogodanso. Phu.

Anapala penti ndi mpeni mpaka chitsulo chinayera. Anathirapo palafini, anadikira pang'ono, anapukuta, n'kupakapo choko. Njira imeneyi anaionera kwa mkulu wina wokonza mainjini a zigayo: palafini amalowa mumng'alu, ukapukuta pamwamba n'kupaka choko, amatulukanso n'kuchinyowetsa. Sipanapite nthawi, kamzere kanaoneka. Kowonda ngati tsitsi, kuyambira m'mphepete mwa pamene anawotcherera mpaka kupitirira theka la khutu.

Lekani anakhala pansi. Makutu amenewa anawadula ku sipuling'i ya lole, chitsulo cholimba kuposa china chilichonse chimene anachipeza pa Lirangwe ponse. Anadya nacho masiku awiri akuboola. Za malume ankafuna zabwino zokhazokha. Nanga chinathyoka bwanji?

Choyenera chinali kugogoda pawindo n'kuwadzutsa. Ankadziwa zimenezo. Koma m'maso mwake anaona mawa: malume akuloza ndi ndodo, Chrispin akupukusa mutu mwachisoni chonamizira, anthu akunong'onezana. Anatsegula chitini chija. Anamata girisi wambiri pa makutu onse awiri, anawazapo kafumbi kuti aoneke wakalekale.

"Lolemba ndidzakonza ndekha," anadziuza. "Bola ili chiimire. Mabawuti anayi ndi mawaya atatu aigwira. Iye adzangoyang'ana, ajambule, azipita."

Loweruka Chrispin anafika cha m'ma naini pa galimoto ya kuntchito. Anthu oyandikana nawo anali atasonkhana kale, a Sankhani a ngolo ndi anzawo, amayi angapo ali ndi makasu paphewa. Anti Mildred anatulutsa mpando wa khushoni, uja umakhala pabalaza. Lekani anauyang'ana mpandowo. Masabata atatu amene anawotcherera pabwalo lomweli, iye ankakhalira njerwa.

"Injiniya wathu wafika!" anatero malume, atavala shati yopita nayo kutchalitchi.

Chrispin anapereka moni kwa akuluakulu, kenako anatembenuka. "Mphwanga! Maso afiira chonchi bwanji? Ukuwotchererabe ndi magalasi a dzuwa?"

"Ena timawotcherera, achimwene. Ena amangoloza ndi chala."

"Iwe, pakamwa apo," anatero malume.

Chrispin anangoseka. Anatulutsa levulo yoyezera kupendama, anaigunditsa pa nsanja. Anayeza uku, anayeza uko, anajambula ndi foni. Anazungulira mawaya atatu amene amakoka nsanja kuchokera pamwamba mpaka pa zikhomo zapansi, akugwedeza mmodzimmodzi. Pa wachitatu anaima.

"Uyu walefuka. Chikhomo chake chasuntha. Ndani amamangirira mbuzi apa?"

Anti Mildred anaphimba kumaso ndi chitenje. "Nanga pali mthunzi, mwanawe. Ndiziika kuti?"

Anthu anaphulika kuseka.

"Kupendamako ndi kumeneku, malume. Tikakhomanso chikhomochi n'kukoka waya, iwongoka."

Zinali zoona, ndipo n'zimene zinamuwawa Lekani. Dzulo iye anathamangira ku hinjesi, za chikhomo sanaganizeko n'komwe.

Kenako Chrispin anafika paphazi. Anakoka thalauzi pang'ono kuti isade, ananjuta.

"Girisi ndiye alipo wokwanira," anatero Chrispin. "Kusamala amasamala mwanayu." Anagunda chipini ndi nsonga ya nsapato, anaimirira, anasasa m'manja mmene munalibe ngakhale fumbi. "Kunena zoona, kwa ntchito ya m'mbali mwa msewu, siyoipa."

"Wamva, Lekani?" anatero malume, nkhope ili ngwee. "Injiniya wavomereza."

A Sankhani anaomba m'manja, ena n'kutsatira. Lekani anapulumuka, koma sanakondwere. Zaka zitatu nsanja yaima, yapirira mphepo, yapirira mvula ya matalala, malume osanenapo kanthu. Lero yakhala yabwino chifukwa Chrispin waigunda ndi nsapato. Ndipo m'manjamo ankaombera ndani? Onse ankayang'ana wa chipewa.

"Popeza anthu alipo, tiyeni tiigoneke lero lomwe," anatero Chrispin akuyang'ana kumwamba. "Eriyo ija yapindika mbali imodzi. Mvula ikayamba simudzapezanso mpata."

"Eya! Mawu amenewo," anatero malume, akupinda kale mikono ya shati.

Winchi inali pa kansanamira kake, mapazi awiri okha kuseri kwa phazi la nsanja. Malume sankalola munthu wina kuipukusa. Ankati nsanja ndi yawo, ndipo dzanja lawo lokha ndi limene limamva ikamalemera. Lekani ankadziwa chimene chimachitika nsanja ikafika pakati potsika: kulemera konse kumakankha pa makutu awiri aja. Lakumanja likaduka, phazi lonse lidzabwerera m'mbuyo ngati bulu woponya mateche, kulunjika pamene paima wopukusa.

"Mphwanga, tamasula mabawutiwo," anatero Chrispin akumuponyera sipanala. "Amuna atatu ku mawaya, muzilekerera pang'onopang'ono ndikanena."

Lekani anawakha sipanala. Anagwada. Ndipo ganizo lina linamubwerera, loipa, koma linamukomera, ndikukuuzani. Ikathyoka, wavomereza ndani? Chrispin. Pamaso pa anthu onsewa, ndi levulo yake, ndi foni yake. Wodzafunsidwa ndi iyeyo: munaphunzira chiyani kukoleji? Kamodzi kokha m'moyo, malume adzamuyang'ana mwana wawo wokondedwa uja ndi maso amene amayang'anira Lekani.

Bawuti woyamba anatuluka. Wachiwiri anavuta pang'ono ndi dzimbiri, anatuluka. Mwinanso sichithyoka, anadziuza. Chaka chatha inatsika bwinobwino. Anaika sipanala pa wachitatu.

Kumbuyo kwake anamva malume akulavulira m'manja. Anacheuka. Anali ataima pa winchi, miyendo atatangadza, thalauzi atalipinda mpaka m'mawondo. Miyendo yoonda, yotuwa, ya munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri. Ankamwetulira ngati mwana amene wapatsidwa njinga.

"Changu, iwe. Dzuwa likukwera."

Lekani anatola bawuti wachiwiri uja padothi n'kuyamba kumubwezera.

"Ukutani?" anafunsa Chrispin.

"Malume, chokanipo pamenepo."

"Wati chiyani?"

"Ndati chokanipo! Siitsika lero nsanjayi."

Chrispin anapukusa mutu akuseka. "Wayamba. Ndinadziwa ine. Malume, mwanayu zamupweteka kuti mwaitana ine. Lekani, nsanje yakoyo ukachitire kushedi, pano tili pantchito."

"Nsanje ndili nayo, sindikukana," anatero Lekani akumanga bawuti woyamba ndi mphamvu zake zonse. "Koma inu maso mulibe."

Anavula malaya, anapukuta nawo girisi yense pa khutu lakumanja. Anatenga hamala. Kumanzere: ngwee. Kumanja: phu. Ngakhale amayi a makasu aja anamva kusiyana kwake.

"Anti, tandipatsaniko palafini pang'ono." Choko anali nacho m'thumba.

Kamzere kaja katatuluka, malume anawerama atagwira mawondo, anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Chrispin ulendo uno anagwada ndithu, thalauzi m'fumbi. Anayendetsa chala pamng'alupo. Kenako chala chinaima m'mphepete, pamene penti inathera.

"Apa panapalidwa kale," anatero motsitsa. "Si lero ayi. Ndipo m'konamu muli choko chouma." Anadzutsa mutu. "Unadziwa liti?"

Lekani akanatha kunama. Sananame.

"Dzulo."

"Girisi uja unapaka ndiwe?" Awa anali malume.

"Ndine."

"Kuti ine ndisaone."

"Kuti awa asaone."

A Sankhani anatsokomola, anayang'ana kumbali. Mayi wina anati "Mayo ine," n'kusenza khasu lake.

"Chitsulo ichi ndi cha chiyani?" anafunsa Chrispin, akukanda khutulo ndi chikhadabo.

"Sipuling'i ya lole. Palibe cholimba kuposa chimenecho."

"Utatha kuwotcherera unatani?"

"Ndinathira madzi. Nanga n'kutani?"

Ndipo n'zoona, nanga n'kutani? Kuyambira pa Lirangwe mpaka pa Lunzu, wowotcherera aliyense amakhala ndi chidebe cha madzi pambali. Ukamaliza umathira, tswee, nthunzi kuti fuu, mwini katundu n'kunyamula chake osapsa m'manja, wina n'kubweretsa chake. Lekani anaziona choncho tsiku loyamba, anazichita choncho zaka zisanu ndi zitatu.

"Ndi pamenepo," anatero Chrispin. "Pa geti kapena pa wilibala madzi alibe kanthu, chitsulo chake n'chofewa. Koma sipuling'i ukaiwotcha n'kuizizira mwadzidzidzi imauma ngati galasi. Imang'aluka m'kati tsiku lomwelo, mng'alu n'kumakula pang'onopang'ono mphepo ikamagwedeza. Zimenezi timaphunzira chaka choyamba."

Akanangosiya pa "mphepo ikamagwedeza."

"Chaka choyamba!" Lekani anaponya hamala pansi. "Chaka choyamba cha kuti? Ine ndinali kuti chaka choyambacho? Ndinali pa Lunzu, kunyamulira anthu zitsulo kuti andilole kuonerera! Ndani anandiuza za galasi? Inu achimwene, maholide onse aja munkabwera ndi mabuku anu, munanditsegulirako tsamba limodzi? Tsiku lija ndikudula sipuling'i pabwalo pano munadutsa, munati bwanji? Munati, 'Limbikira, mphwanga,' n'kulowa m'nyumba kukamwa tiyi. Malume, munasankha mmodzi. Chabwino. Koma wosankhidwayo wayang'ana hinjesi yothyoka n'kuiombera m'manja, ndipo wapeza mng'alu ndi ine, wa m'mbali mwa msewu!"

"Wapeza ndiwe, wabisanso ndiwe," anatero Chrispin, nkhope itagwa. "Malume, musavutike. Ndijambula miyeso, anyamata athu ku Chileka akapanga ina yabwino. Uyu asakhudzenso."

Malume anaweramuka. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa mpando wa khushoni uja n'kukhalapo okha. Anatsitsa thalauzi, mwendo uwu, kenako uwu.

"Wina wabisa, wina sanaone," anatero potsiriza. "Ine ndikanathyoka miyendo pakati pa ana a alongo anga awiri." Anayang'ana Lekani. "Za sukulu sindikukutsutsa. Ndinasankha, ndipo ndimadziwa kuti unalira. Madzi aja ndikukhululukira, sunadziwe. Koma girisi uyu sanapakidwe ndi kusaphunzira."

Lekani anayang'ana pansi. Malaya ake anali m'manja, akuda bii.

"Iwenso," malume anatembenukira kwa Chrispin, "ndinakuitana kuti uyeze, osati ugunde ndi nsapato. Anyamata ako a ku Chileka sindikuwadziwa. Hinjesi ipangidwa pano, ine ndikuona. Iwe ubweretse chitsulo choyenera, unene makulidwe ake. Uyu awotcherere. Ikatha, pa winchi adzaimapo ndi iyeyo. Ngati akuikhulupirira ntchito yake, aime."

Nsanja anaigoneka tsiku lomwelo masana, koma mwa njira ina. Lekani anabwereka tcheni cha ngolo kwa a Sankhani, anakulunga phazi la nsanja kulimangirira ku maziko kuti khutu likaduka lisathawe. Winchi anaipukusa atatalikira, chogwirira atachilumikiza ndi paipi yaitali. Amuna asanu ndi mmodzi anagwira zingwe m'mbali. Itatsala pang'ono kufika pansi panamveka kuti thwa! Khutu lija linatsala m'tcheni, litaduka mwaukhondo ngati bisiketi. Anti Mildred analowa m'nyumba osatulukanso.

Sabata imeneyo inali yaitali. Nsanja sinkaonekanso kumsewu, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chake. A Sankhani anabwera kudzatenga tcheni chawo, ndipo Lachitatu Lekani anawaona akukweza chitsulo cha ngolo yawo paminibasi ya ku Lunzu. Anawapatsa moni, iwo anayankha akuyang'ana kondakitala. Mayi Binti okha ndi amene sanasinthe. "Ukanangokhala chete bwenzi pano tikuphika za pamaliro," anatero. "Idya ndasi, usandiyang'ane choncho."

Loweruka lotsatira Chrispin anabwera ndi zitsulo ziwiri zophwatalala, zokhuthala ngati chala chachikulu, zoboola kale. Chipewa anachisiya m'galimoto. Oonerera anali ochepa. Lekani anasongola m'mphepete ndi gulayinda monga Chrispin anamuuzira, ngakhale kuti kumvera kunkamuwawa. Anawotcherera katatu mbali iliyonse, akugogoda makoko otsala pamwamba pa chowotchereracho, osathamanga. Chrispin anaima pambali ndi galasi lakuda, akufunafuna ponena. Sanapapeze. Lekani atamaliza, awiriwo anakwirira hinjesi yonse ndi mchenga wouma kuti izizire yokha, n'kukhala pansi kudikira, wina uku wina uko.

Itazizira, Chrispin anakanda kumutu. "Njira yako ija ya choko. Tandionetsa bwinobwino."

"Simunaphunzire chaka choyamba?"

"Lekani."

"Chachiwiri?"

"Ndakupempha, mphwanga."

Anamuonetsa, koma mwachidule. Choko chinakhala choyera mbee makutu onse awiri. Hamala inaimba uku, inaimba uko. Malume anakonza eriyo yawo, chikhomo cha waya chinakhomedwanso pa simenti, mbuzi zinasamutsidwira kuseri kwa khitchini.

"Ndiye ima," anatero malume, iwo atakhala patali pansi pa mango.

Lekani anaima pa winchi, phazi la nsanja lili mapazi awiri kutsogolo kwa mawondo ake. Paipi yaitali ija anaikana. Anagwira chogwirira ndi manja onse n'kuyamba kupukusa. Waya anakungika, analira. Mutu wa nsanja unadzuka pa udzu, unakwera kufika pa denga la khitchini, unapitirira. Chogwirira chinkalemera kwambiri, thukuta likulowa m'maso. Apa ndiye panali pamene kulemera konse kumakankha pa makutu.

Anamva munthu waima pambali pake, phewa kugunda phewa.

"Mukufuna chiyani apa, achimwene?"

"Chitsulo ndinasankha ndine. Chikaduka chitipeze tonse."

"Chokani. Mukufuna anthu azikanena kuti mwaimika ndinu."

"Pukusa, iwe, usiye zolongolola."

Chrispin sanachoke. Lekani anapukusabe, chigongono atachitulutsa kunja kuti dzanja la mkulu wakeyo lisafike pa chogwirira, mpaka nsanja inagunda pa maziko ake n'kuima chilili.